Mukuthawa chiyani, asisi?

Funso limene ndafunsidwa kwambiri chaka chino silinachokere kwa abwana anga kapena kwa azakhali aja ofuna kudziwa za ukwati. Linkachokera kwa anthu osawadziwa m'mbali mwa msewu: oitanira minibasi pa Ginnery Corner, alonda oweruka m'bandakucha, ana asukulu, ngakhale agogo ena ake ku Zomba. Onsewo funso lawo linali limodzi: "Mukuthawa chiyani, asisi?"

Poyamba ndinkangoseka n'kupitirira. Koma pano chaka chikutha, nsapato zanga zachiwiri zaperepeseka kunsi, ndipo pamsomali wa kuseri kwa chitseko pakulendewera mamendulo 4. Ndaona kuti funso lija ndiliyankhe.

Ndinkathawadi. Mu Disembala chaka chatha bambo anga anagwa kubafa kwathu ku Chilomoni. Sitiroko. Anali ndi zaka 58, munthu woti sanagonepo m'chipatala chibadwire. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka, mawu n'kumatuluka movutikira. Tsiku lina ndikuwadikirira, namwino wina anandikodola. "Bwerani nanunso tikuyezeni, matendawa amatsata kumtundu." Makina anaonetsa 148/94. Ndinabweranso sabata yotsatira, manambala osasintha kwenikweni. Anandifotokozera kuti zikamafika 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza, ndiye kuti BP yakwera. Ine wa zaka 26, wokhalira laputopu kuyambira m'mawa mpaka usiku, nkhomaliro yanga tchipisi cha pachiwaya chowaza mchere ngati ndikusungira nsomba.

Adokotala anati ndichepetse mchere, ndiyambe masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata monga limalangizira bungwe la WHO, ndipo ndidzabwerenso pakatha miyezi itatu tidzaone ngati pafunike mankhwala. Pa Chichewa matendawa timati kuthamanga kwa magazi. Ndinadziuza kuti ngati magazi anga akuthamanga ine nditakhala pampando, bola ndinyamuke tizithamangira limodzi.

Blantyre: mzinda wa zitunda

Munthu sudziwa mzinda wako uli m'minibasi. Ndakulira mu Blantyre, koma sindinkadziwa kuti kuchoka pa Ginnery Corner kupita ku Limbe ndi chitunda. Mukakhala pampando wakumbuyo mukukangana ndi kondakitala za chenji, msewu wa Masauko Chipembere umaoneka wathyathyathya. Yesani wapansi. Tsiku loyamba, pa 8 Januwale, ndinachoka ku Chitawira kumene ndimachita lendi, ndipo ndisanafike n'komwe pachipilala cha ufulu ku Chichiri ndinali nditagwira mawondo, malovu akuwawa ngati ndatafuna khobidi. Foni inati ndathamanga kilomita imodzi ndi theka.

Nsapato zoyamba ndinagula pakaunjika mu Limbe. Mnyamata wogulitsa analumbira kuti mwini wake anali mzungu wothamanga kwambiri. Zinali zazikulu pang'ono, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti n'zimene zimafunika, chifukwa phazi limatupa ukathamanga mtunda wautali.

Sabata yachiwiri ndinatsala pang'ono kusiya. Kunali kusanache bwino, bambo wina wapanjinga ananditsatira kuchokera cha ku Kamba, akulankhula zonyansa za thupi langa, mpaka ndinathawira pagulu la amayi amene ankapita kukapikula ndiwo. Nditawauza mayi anga, sanadabwe. "Nanga iwenso mwana wamkazi kumayenda usiku ndi kathalauza kothina ngati kameneko? Bwanji osamanga chitenje?" Iwo anakula nthawi imene lamulo linkaletsa akazi kuvala mathalauza m'dziko muno, lamulo limene linachotsedwa mu 1993. Lamulolo linapita, koma m'mitu mwa anthu ena likadalipo. Sindinamange chitenje, poti sungathamange nacho. Ndinayamba kumanga juzi m'chiuno, ndipo chachikulu, ndinasiya kuthamanga ndekha kukadali mdima.

Mnzanga wa ku koleji anandilowetsa m'gulu la pa WhatsApp la anthu amene amakumana panja pa Kamuzu Stadium 5 koloko m'mawa, Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka. Mulinso anthu osiyanasiyana mmenemo: anamwino, akalaliki a kubanki, makaniko wa ku Ndirande, mayi wina wogulitsa mandasi amene amatisiya tonse pachitunda. Wotitsogolera ndi bambo wina wopuma usilikali amene tonse timangowatcha a Kochi. Tsiku loyamba anandiyang'ana ndikupuma ngati mvukuto n'kunena kuti, "Mwanawe, ngati sungathe kundipatsa moni uku ukuthamanga, ndiye kuti wathamangitsa. Chepetsa." Limenelo ndiye phunziro lalikulu la chaka chonse, ndipo linanditengera miyezi 10 kuti ndilimve.

Blantyre wa m'bandakucha ndi mzinda wina. Kumamveka fungo la buledi wotentha, utsi wa mbaula zoyamba kuyatsidwa, ndi mapokoso a masache a amayi osesa mumsewu. Phiri la Ndirande limayamba lakuda bii, kenako limafiirira kumutu. La Soche limakhala kumbali ngati likukuwerengera masitepe. Anthu mazanamazana amakhala ali kale paulendo wapansi, kuchoka ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa kupita kuntchito, ena makilomita oposa amene ife timanyadira pa Facebook. Iwo palibe amawapatsa mendulo. Zimenezi zimandichititsa manyazi pang'ono mpaka lero.

Mpikisano wanga woyamba unali mu Malichi, wa makilomita 5, wopezera ndalama zachifundo. Ndinamaliza pa mphindi 38, kumbuyo kwa mwana wa pulayimale wovala zofewa zapulasitiki. Mu Epulo ndinayesa wa makilomita 10 n'kumaliza pa ola limodzi ndi mphindi 11. Mendulo zonse ziwiri ndinapita nazo ku Chilomoni. Bambo anali atayamba mafizo, akutha kukhala tsonga pakhonde. Anaigwira ndi dzanja lamanzere, n'kuitembenuza, n'kufunsa pang'onopang'ono, "Naphiri, unakhala nambala chani?" Nditawauza kuti nambala yanga inali kutali kuposa 100, anaseka mpaka kutsokomola. Kanali koyamba kuwamva akuseka chigwereni.

Zomba: kukwera ku Chawe

Ndinaphunzira zaka 4 ku Chancellor College, koma kuphiri ndinakwerako kawiri kokha, konse pagalimoto. Mu Meyi a Kochi anati amene akufuna makilomita 21 ayambe wakalawa phiri la Zomba. Tinanyamuka ku Limbe usiku, ndipo 6 koloko inatipeza tili m'tauni yakale ija, imene inali likulu la dziko lino mpaka 1975, nyumba zake zakale za boma zili duu pansi pa mitengo ikuluikulu.

Msewu wopita ku Chawe sukupatsa mpata. Umakhota, n'kukhotanso, ndipo ukati pakona apo ndiye pathera, umapeza chitunda china chikukudikira. Kumanja thanthwe, kumanzere phompho, tauni ikucheperachepera pansi mpaka nyumba zikuoneka ngati mabokosi a machesi. Kutali, nyanja ya Chilwa imanyezimira ngati lata. Mpweya umasintha ukamakwera: umazizira, n'kumanunkhira paini.

Tikukwera, tinkakumana ndi amayi akutsika atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ndi abambo akutsetsereka ndi njinga zodzaza nkhuni, phazi limodzi likukhukhuluza pansi m'malo mwa buleki. Mmodzi wa amayiwo, wachikulire ndithu, anaima n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Mukuthawa chiyani, mwana wanga? Kumtundako kulibe kanthu, nkhuni tatola kale." Anzake anafa nacho chikhakhali. Ndinalibe mpweya woyankhira.

Theka la ulendowo ndinachita kuyenda, sindinama. Koma ndinafika. Tinakhala m'mbali mwa damu la Mulunguzi, limene limamwetsa mzinda wa Zomba, tikudya nthochi ndi mbatata yootcha. Miyendo inkanjenjemera yokha. Apo m'pamene ndinayamba kukhulupirira kuti mwina makilomita 21 si nthano.

Lilongwe: liwiro la mumchenga

Anthu a ku Blantyre timakonda kunyoza Lilongwe kuti ndi mudzi waukulu wafumbi, wopanda phiri loti n'kulozera mlendo. Choncho nditalembetsa mpikisano wa half marathon kumapeto kwa Juni, ndinkati zikhala zofewa. Ndinakwera basi Lachisanu, kudutsa pa Zalewa, Ntcheu, Lizulu pamene kabichi ndi mbatatesi zimakulowera pawindo, Dedza ndi mphepo yake, mpaka kukafika madzulo. Ndinagona kwa msuweni wanga ku Area 25, amene anandiphikira nsima yambiri ngati ndikupita kukalima dimba.

M'mawa kunali chisanu choluma zala. Poyambira panali anthu ochuluka kuposa amene ndinawaonapo pampikisano uliwonse: akatswiri oonda ngati bango ali kutsogolo, asilikali, magulu a m'maofesi atavala malaya ofanana, azungu, amwenye, ndi ife osadziwika kumbuyo. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Tinayambiradi limodzi, koma patangotha mphindi ziwiri akatswiri aja anali atazimiririka.

Half marathon ndi makilomita 21.1, theka la marathon yathunthu ya makilomita 42.195. Kuti mumvetse kusiyana kwa anthu: mu 2019 ku Vienna, Eliud Kipchoge wa ku Kenya anathamanga marathon yonse pa 1:59:40. Ine nthawi ngati imeneyo ndinali ndisanamalize theka lake.

Ndipo Lilongwe si wathyathyathya ayi, amangobisa. Zitunda zake ndi zazitali, zokwera mwakachetechete, zoti maso saona koma ntchafu zimadziwa. Misewu ya ku City Centre ndi yotakasuka, mitengo ili m'mbali, Nyumba ya Malamulo ndi Capital Hill zili phee ngati sizikukuona. Ku Blantyre anthu amakukuwiza, kukuseka, kukufunsa mafunso. Kuno malo ena umathamanga mtunda ndithu osamva mawu a munthu, koma mapazi okhaokha, phaphapha, ndi mpweya wa mnzako wapambali.

Pa kilomita ya 17 miyendo inasanduka mitengo. Ndinayamba kuwerenga mapolo a magetsi: ndithamange atatu, ndiyende imodzi. Mayi wina amene sindimudziwa, wamkulu kwa ine ndi zaka mwina 20, anandigwira pachigongono. "Tiyeni, achemwali, musaime pano. Mukaima pano simudzukanso." Tinathamanga limodzi makilomita 4 omaliza osafunsana maina. Ndinalowa pa 2:24. Iye anandikumbatira, thukuta lathu n'kusakanikirana, kenako anasowa m'chigulu. Ngati mukuwerenga nkhani ino, amayi a duku lobiriwira, zikomo.

Mulanje: kumene ndinaphunzira kudzichepetsa

Mu Julayi ndinapita ku Mulanje, osati kukathamanga koma kukaonerera Porters Race, mpikisano wa chaka ndi chaka umene unayamba ngati wa anyamata onyamulira alendo katundu m'phirimo. Umayambira pa Likhubula, kukwera mpaka ku Chambe, kudutsa pamwamba kulowera ku Lichenya, n'kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20 wa miyala ndi mitsinje. Si wapamsewu, ndipo ine wa phula sindinayerekeze n'komwe.

Njira yonse kuchokera ku Thyolo inali minda ya tiyi yobiriwira ngati kapeti, chiperoni chitaphimba phiri moti nsonga ya Sapitwa, ya mamita 3,002, sinaoneke tsiku lonse. Ndinaima pomalizira ndi mendulo yanga ya ku Lilongwe m'chikwama, ndikudzimva katswiri. Kenako oyamba anatulukira m'nkhalango, patangodutsa pang'ono maola awiri, matope mpaka m'mawondo. Ena anali ndi nsapato zong'ambika, ena opanda nsapato n'komwe. Atsikana ena anatsika phirilo atavala masiketi, akudumpha miyala ngati mbuzi. Mtunda umene ine ndinalira nawo pa phula, iwo anaudula pamwamba pa phiri pa nthawi yochepa kuposa yanga.

Luso lilipo m'dziko muno. Catherine Chikwakwa anatiimirira ku Olympics mu 2000 ndi 2004, ndipo mu 2004 momwemo anapata mendulo yasiliva pa mamita 5,000 pampikisano wa achinyamata wa dziko lonse. Nditaima pa Likhubula paja ndinadzifunsa kuti ndi angati onga iye amene akutha msinkhu akusenza nkhuni, opanda wowaona. Mendulo yanga sinatuluke m'chikwama tsiku limenelo.

Mangochi: tsiku limene ndinakwera kabaza

Pofika Okutobala ndinali nditayamba matama. Gulu lathu linakonza zopita kunyanja, ndipo tinagwirizana zothamanga makilomita 18 pamsewu wochoka ku Mangochi boma kulowera ku Monkey Bay, kenako n'kukasambira. A Kochi anati tinyamuke 5 koloko, aliyense ndi botolo la madzi. Tinachedwa ndi macheza a usiku, tinanyamuka cha m'ma 7, ndipo ine botolo ndinalisiya dala poti limandilemera. Safunsa anadya phula.

Msewu umenewu ndi wokongola mwa mtundu wake. Milambe ikuluikulu yopanda masamba, migwalangwa, mbuzi zogona pakati pa msewu, njinga zonyamula madengu a usipa, mizikiti yoyera m'midzi. Ndi wosalala, wopanda chitunda, ndiye ndinauyamba ndi liwiro la mpikisano. Koma kunyanja n'kotsika, ndipo dzuwa la Okutobala kumeneko silicheza. Pofika 8 koloko phula linkatentha kudutsa m'nsapato. Pa kilomita ya 12 ndinazindikira kuti thukuta lasiya kutuluka, khungu lachita tsembwe ngati ndikumva kuzizira, mutu ukuzungulira. Ndinakhala pansi pa mlambe, kenako ndinagona chagada.

Amene anandipeza ndi mayi wina wochokera kumjigo. Sanafunse zambiri. Anatula ndowa, n'kundithira madzi kumutu ndi m'khosi, n'kundimwetsa pang'onopang'ono ndi chikho. Kenako anaitana wakabaza. Ndinafika kumene anzanga ankadikira nditakhala pakaliyala, nambala yanga yamatama itathera pomwepo. Namwino wa m'gulu lathu anandipatsa thanzi ORS n'kundikalipira ngati mwana. Anati thukuta likasiya kutuluka pakutentha koteroko ndiye kuti thupi lalephera kudziziziritsa, ndipo anthu amafa nazo. A Kochi sananene kanthu mpaka madzulo. Tili m'mbali mwa nyanja anangoti, "Unayamba kuthamanga kuti ukhale ndi moyo. Usaiwale."

Usiku umenewo sindinagone. Ndinkaganiza za mayi anga akulandira foni yachiwiri ya mtundu uja m'chaka chimodzi.

Chilomoni: mamita 300

Mpikisano wanga womaliza unali mu Novembala, wa makilomita 10, konkuno ku Blantyre, mvula yoyamba itagwa usiku wake, nthaka ikununkhira. Ndinayamba mofatsa, ndinamwa madzi paliponse pamene ankagawa, ndinapatsa moni aliyense wondifunsa chimene ndikuthawa. Ndinamaliza pa mphindi 59, nthawi yanga yabwino kuposa zonse. Zoseketsa eti? Tsiku limene ndinasiya kulimbana ndi wotchi ndi limene wotchi inandikomera mtima.

Kwa amene mukufuna kuyamba, zimene ndaphunzira ndi zochepa. Kayezetseni BP kaye, n'zaulere m'zipatala za boma ndipo sizitenga mphindi 5. Yambani ndi kuyenda mosinthana ndi kuthamanga. Thamangirani kudzanja lamanja la msewu kuti muziona galimoto zikubwera, muvale zowala, ndipo zomvera nyimbo m'makutu muzisiye kunyumba, chifukwa misewu yathu yambiri ilibe malo a oyenda pansi. Atsikana anzanga, pezani gulu. Ndipo madzi musawasiye.

BP yanga pano ikumakhala cha m'ma 126/82. Adokotala anati mankhwala sakufunika pakadali pano, koma ndizipitabe kukayezetsa, poti za kumtundu sizithawika ndi miyendo yokha. Mchere ndinachepetsa. Tchipisi ndimadyabe Loweruka, munthu ndi munthu.

Koma mtunda umene ndikuukumbukira kwambiri chaka chino si wa ku Lilongwe. Lamulungu lapitali ndinapita ku Chilomoni. Nditangofika, bambo anati ndiwapatse ndodo yawo. "Naphiri, yatsa chija chimawerenga mtunda." Tinatuluka pageti, iwo kutsogolo, ine pambali, mayi ataima pakhonde manja ali pakamwa. Mwendo wakumanja umakokabe pansi. Tinadutsa pa okala ya pakona, anyamata a pabawo anaimika masewera n'kuwapatsa moni. Phiri la Michiru linali patsogolo pathu, labiriwira ndi mvula yoyamba. Tinakafika pamtengo wa mango wa kumsewu, n'kupuma, n'kubwerera.

Titakhala pakhonde, akupuma mwamphamvu, anafunsa, "Zakwana zingati?"

"Mamita 300, ababa. Mphindi 14."

Anagwedeza mutu. "Nambala chani?"

"Nambala wani."

"Bodza," anatero akuseka. "Amayi ako akanandipitirira." Kenako anati sabata yamawa tikafike pa tchalitchi.

Ndalonjeza kuti ndidzabwera. Chaka chamawa ndikufuna kuyesa marathon yathunthu, ndipo a Kochi ati tiyamba kukonzekera mu Januwale. Koma Lamulungu lililonse masana ndili ndi mpikisano wina ku Chilomoni, ndipo umenewo sindijomba.